Mpanda wa Kutali

Foni inalira ndili pa katawala ku Namiwawa,
chipande chili m'manja, matope akuuma mu wilibala.
"Ababa, pukutani m'manja, tiyeni tikayende."
Anali Mwandida, wachitatu wanga,
uja anapita ku Tchaina kukaphunzira za milatho.

Ndinatsika, ndinakhala pa thumba la simenti.
Kuno mame anali asanaume pa kapinga wa abwana,
kumeneko mithunzi inali itatalika kale.

Anandilowetsa pa chipata chakuda ngati kukamwa kwa uvuni.
Ankandionetsa madenga opindika m'mphepete,
nyali zofiira, agogo wina akupalasa njinga,
koma ine diso la ntchito silinandilole.
Ndinati, mwanawe, yandikitsa foni pa khomalo.

Njerwa zake zotuwa ngati phulusa,
osati zofiira ngati zomwe timaotcha ku Chigumula.
Mizere yowongoka, matope opyapyala,
chikhadabo sichingalowe.
Amene anamanga apa sanali pa ganyu yothamangira dzuwa.
Pa njerwa ina panali timalemba tofufutika.
Akuti mwina ndi dzina la amene anaiumba.
Ndinakhala chete.

"Khomali lazungulira mzinda wonse, ababa.
Wosoka nsapato ali m'kati,
wogulitsa ndiwo ali m'kati,
sukulu, msika, ngakhale wamisala wawo."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri
ndakhala ndikumanga mipanda mu Blantyre muno:
Sunnyside, Nyambadwe, Mudi, kukafika ku Chigumula komweko.
Uliwonse umakumbatira nyumba imodzi yokha.
Pamwamba timabzala mabotolo osweka,
masiku ano waya wamagetsi.
Tsiku lomwe ndamaliza, geti limatsekedwa ine ndili kunja,
ndalama yotsala ndimaifunsira pa kabowo
kwa mlonda amene sakundidziwa.

Kenako anati, "Tafika pa kachisi wa Konfusiyasi."
Anakweza mwendo kudumpha chipika cha pakhomo,
akuti sapondapo.
M'bwalo munali mitengo yokalamba
yochirikizidwa ndi zitsulo ngati odwala a ku Gulupu.
Utsi wa lubani unkadutsa pa galasi la foni,
ine kuno ndikununkhiza fumbi la simenti.
Ndinafunsa, ameneyu ndi mulungu wawo?
Anaseka. "Ayi, anali mphunzitsi."

Mphunzitsi!
Zipata zitatu, bwalo, denga lonseli,
kumangira munthu woti ankangophunzitsa?

Anandionetsa timatabwa tofiira tolendewera mbwee,
pomwe ana a sukulu amalembapo nkhawa za mayeso.
Kamodzi kanali m'Chichewa, m'kalembedwe kopendama
komwe ndimakadziwa kuyambira sitandade wani.
Ndisanawerenge, nkhope yake inauma pa galasi,
pakamwa pali yasa.
Bandulo inatha.

Ndinatsala ndi phiri la Soche pamaso panga
ndi a Likhutcha m'mutu mwanga,
mdala uja anandipeza ndikusenza ndowa ku Limbe
n'kundigwiritsa chingwe ndi levulo.
Ankati khoma likapindika, usalozere njerwa.
Mzere woyamba womwe ndinayala anaugumula ndi phazi,
wachiwiri chimodzimodzi,
wachitatu anangosuzumira, n'kundigawira mbatata yawo.
Anagona ku Bangwe chaka cha njala ija.
Pa mtumbira pawo palibe ngakhale njerwa imodzi,
munthu amene anayala zikwizikwi.

Kapitawo Namalomba anakuwa kuti matope akuuma.
Ndinakweranso katawala.
Ndinasankha njerwa yopsa bwino, yolira ukaigogoda,
ndinatola msomali,
ndinakanda pang'onopang'ono: LIKHUTCHA.
K wake anapendama.
Ndinaiyala mu mzere wachikhumi ndi chiwiri,
dzina litayang'ana ku msewu,
komwe timadutsa ife oyenda pansi.

Lachisanu tidzapaka pulasitala.
Abwana sadzadziwa amene akuwalondera.
Madzulo ndikagula bandulo ya faifi handiredi pa Ginnery Corner,
ndikamufunse mwana uja
zomwe analemba pa kathabwa kaja.